Zilembo Zooneka Ngati Zolembedwa Pamanja: Mmene Mafonti Owonda Amagwirira Ntchito

Mu September 2023, kampani ya ku America ya Johnson & Johnson inasintha kalembedwe ka dzina lake. Kuyambira mu 1887, dzinalo linkalembedwa ndi zilembo zopendekeka, zolumikizana, zotengera siginecha ya James Wood Johnson, mmodzi mwa abale atatu amene anayambitsa kampaniyo. Tsopano linasanduka la zilembo zoima chilili, chilichonse pachokha. Eni ake anati akufuna maonekedwe ogwirizana ndi ntchito imene atsala nayo, ya mankhwala ndi zipangizo za m'chipatala, popeza malonda a zinthu ngati mafuta odzola a ana anali atapita ku kampani ina yatsopano yotchedwa Kenvue. Koma ambiri amene anathirirapo ndemanga anaona chifukwa china. Iwo ankati ana ambiri a ku America saphunziranso kulemba molumikiza, choncho kalembedwe kotere kayamba kuwavuta kuwerenga. Patangopita mwezi umodzi, boma la California linakhazikitsa lamulo loti ana a giredi 1 mpaka 6 aziphunzitsidwa kulemba molumikiza.

Ena anadandaula kuti chinthu chokongola chatayidwa, ena anati nthawi yake inali itakwana. Sindikufuna kuweruza mlanduwo. Chimene ndinaona n'chakuti ambirife timazikonda zilembo zimenezi, timaziika pa makadi, pa masatifiketi ndi pa malogo, koma sitidziwa kumene zinachokera, ndiponso chifukwa chake zimakongola pakompyuta n'kukatuluka zoduka-duka kosindikiza. Zonsezi zagona pa kanthu kamodzi kakang'ono: kamzere kowonda kamene kamachoka pa chilembo china kupita pa chinzake.

Fonti ya script ndi iti?

Fonti ndi gulu la zilembo, manambala ndi zizindikiro zojambulidwa kuti zioneke za mtundu umodzi, ndipo masiku ano zimasungidwa mu fayilo imene kompyuta kapena foni imawerenga. Mukasankha Arial kapena Times New Roman, mwasankha fonti. Pa mitundu yonse ya mafonti pali wina wotchedwa script, ndipo umenewu umatsanzira dzanja la munthu wogwira cholembera. Zilembo zake zimapendekera kumanja, zambiri zimagwirana, ndipo mizere yake imaoneka ngati yakokedwa ndi mkono osati kumangidwa ndi rula.

Musasokoneze ndi zilembo zopendekeka za italic zimene timagwiritsa ntchito potsindika mawu. Nazonso zinachokera ku kalembedwe ka pamanja: Aldus Manutius wa ku Venice anayamba kusindikiza nazo mabuku mu 1501, zitasemedwa ndi Francesco Griffo. Koma za italic sizigwirana, ndipo munthu angathe kuwerenga tsamba lathunthu osatopa. Za script sizinapangidwire zimenezo.

Mkati mwa script muli magulu awiri. Lina ndi lamwambo, lodekha, la mizere ina yonenepa ina yowonda ngati tsitsi, monga Snell Roundhand, Edwardian Script, Kuenstler Script ndi Great Vibes. Lina ndi lomasuka, looneka ngati lalembedwa mwachangu ndi burashi kapena cholembera wamba. Mu gulu limeneli muli Brush Script ya mu 1942 ndi Mistral ya mu 1953, imene Roger Excoffon wa ku France anaijambula potengera kalembedwe kake komwe. Palinso mafonti atsopano ooneka ngati siginecha, a mzere umodzi wowonda wosasintha kunenepa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nkhani ino ikhudza makamaka owonda aja, amwambo ndi a siginecha, chifukwa ndi amene amakopa kwambiri komanso ndi amene sachedwa kuonongeka.

Kamzere kowonda kanachokera kuti?

Kuti mumvetse bwino, yerekezani kuti mwagwira cholembera choviika mu inki, cha nsonga yachitsulo yosongoka. Nsongayo ndi yong'ambika pakati, ili ndi mano awiri ogundana. Mukufuna kulemba chilembo cha u. Mukuyambira pansi kukwera m'mwamba, osakanikiza konse. Mano aja ali chitsekere, inki ikungodontha pang'ono, ndipo papepala pakutsala kamzere kowonda kwambiri. Mwafika pamwamba, mukutsika, tsopano mukukanikiza. Mano ayasama, inki yadzaza pakati pawo, mzere wanenepa. Musanafike pansi mukuyamba kufewetsa dzanja, mano akubwererana, mzere ukuonda pang'onopang'ono pamene mukukhota kuti mukwerenso. Mukayesa kukanikiza pokwera, nsonga imakodwa m'pepala n'kumwaza inki.

Ndiye lamulo lake n'losavuta: pokwera kowonda, potsika konenepa. Palibe amene anangoliganiza kuti likongoletse. Linabadwa ndi chida. Fonti yabwino ya mtundu umenewu imalitsatira pa chilembo chilichonse, ndipo mukaona fonti imene yanenepa pokwera, diso lanu limamva kuti china chake sichili bwino ngakhale simungathe kunena kuti n'chiyani.

Kalembedwe kameneka kanakhwima ku England kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 ndi m'zaka za m'ma 1700, ndipo kankatchedwa roundhand. Kanali kalembedwe ka kuntchito. Malonda a pa nyanja ankakula, ndipo makampani ankafuna alembi olemba makalata, mainvoisi ndi mabuku a ndalama mooneka bwino komanso mofulumira. Panali aphunzitsi a kalembedwe, monga Charles Snell ndi George Shelley, amene ankatulutsa mabuku a zitsanzo kuti ophunzira azikopera. Mabuku amenewo sankasindikizidwa ndi zilembo wamba. Mmisiri ankatenga chitsulo chophwatalala chamkuwa, n'kugoba chilembo chilichonse ndi kachitsulo kakuthwa, cham'mbuyo ngati mmene chimaonekera pagalasi. Kenako ankapaka inki, kupukuta pamwamba kuti inki itsale m'mingalande mokha, n'kukanikizapo pepala. Kuchokera pa mkuwa umenewu kalembedweka kanapeza dzina lake lina lotchuka, copperplate. Buku lodziwika kwambiri la mtundu umenewu ndi The Universal Penman, limene George Bickham anagoba n'kulitulutsa m'zigawo kuyambira mu 1733 mpaka 1741, ndipo muli ntchito za alembi oposa 20.

Apa pali mfundo imene ine imandisangalatsa kwambiri. Kachitsulo ka mmisiri kankatha kugoba mzere wowonda ndi wosalala kuposa umene nthenga ya tsekwe, imene alembi ankalembera nthawi imeneyo, ikanaulemba bwinobwino. Ophunzira ankayang'ana m'buku n'kumalimbana kuti dzanja lawo lifanane ndi zimene mkuwa wasindikiza. Nsonga zachitsulo zosongoka zitayamba kupangidwa zambirimbiri ku Birmingham m'zaka za m'ma 1820, zinathandiza kuti cholembera chiyandikire mzere wa mmisiri uja. Choncho kamzere kamene timati n'ka pamanja kanali kale mwana wa zinthu ziwiri, dzanja ndi chitsulo.

Ku America, Platt Rogers Spencer anakonza kalembedwe kake kopepuka, kokhala ndi mizere yonenepa yochepa, ndipo kanakhala kalembedwe ka m'maofesi ndi m'masukulu kuyambira cha m'ma 1850 mpaka makina otayipira atalanda ntchitoyo. Dzina la Coca-Cola mmene timalionera lerolino linalembedwa m'kalembedwe ka Spencer, ndipo amene anapereka dzinalo ndi kalembedwe kake anali Frank Robinson, wosunga mabuku a ndalama wa kampaniyo ku Atlanta m'zaka za m'ma 1880. Iye anangogwiritsa ntchito kalembedwe kamene aliyense wa ntchito yake ankakadziwa.

Kuphunzitsa makina kulumikiza

Kwa zaka pafupifupi 500, kusindikiza kunkachitika ndi tizitsulo ta mtovu. Chilembo chilichonse chinali pamutu pa kachitsulo kake ka makona anayi, ndipo tizitsuloto tinkandandalikidwa ngati njerwa. Zilembo zoima chilili zimakwanamo bwino. Koma chilembo chopendekeka, cha mchira wautali ngati f, chimatulukira kunja kwa njerwa yake n'kulendewera pamwamba pa ya mnzake, ndipo mbali yolendewerayo inkathyoka makina akakanikiza. Komanso kamzere kolumikiza kankayenera kuthera ndendende m'mphepete mwa kachitsulo kuti kakumane ndi kamene kakuyambira pa kachitsulo kotsatira. Tizitsulo tikangoperepeseka pang'ono, pankaoneka timipata toyera pakati pa zilembo. Amisiri anayesetsa. Robert Granjon wa ku Lyon anapanga zilembo zotsanzira kalembedwe ka pamanja ka Chifalansa mu 1557, ndipo ena pambuyo pake ankaumba tizitsulo topendekeka kuti michira isathyoke. Koma inali ntchito yodula ndi yosachedwa kuonongeka.

Zinthu zinasintha pamene osindikiza anayamba kujambula zilembo ndi kuwala kodutsa mu filimu. Kuwala kulibe makona. Chilembo china chingathe kulowa m'malo a chinzake popanda chothyoka. Wojambula mafonti Matthew Carter anapezerapo mwayi, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1960 anajambulira kampani ya Linotype fonti ya Snell Roundhand, potengera kalembedwe ka Charles Snell uja. Mu 1972 anatulutsanso Shelley Script.

Vuto lina linatsalabe, ndipo ndi limene limasiyanitsa fonti yabwino ndi yachabechabe mpaka lero. Tengani pepala mulembe mawu oti "mana" molumikiza, kenako mulembe "moni". Pa mawu oyambawo, chilembo chilichonse chimathera pansi, ndipo kamzere kamakwera kuchokera pansipo kukagwira chotsatira. Pa "moni" si choncho. Chilembo cha o chimathera pamwamba, ndiye n amayenera kulandira kamzereko kuchokera m'mwamba. Zilembo za b, v ndi w nazonso zimathera pamwamba. Yesani "bwino" muone mmene dzanja likuyendera m'mwamba kuchoka pa b kupita pa w, kuchoka pa w kupita pa i. Dzanja limasintha lokha maonekedwe a chilembo malinga ndi anansi ake, inu osaganizirako n'komwe. Fonti yakale ya pakompyuta inali ndi n mmodzi yekha, woti agwirizane ndi aliyense. Ojambula ankachita kukakamiza zilembo zonse kuti zizikumana pa msinkhu umodzi, ndipo n'chifukwa chake mafonti ena amaoneka ouma. Chinanso, munthu salemba ma a awiri ofanana ndendende, koma makina amatero, ndipo diso silichedwa kuzindikira.

Yankho linabwera ndi OpenType, mtundu wa fayilo ya fonti umene Microsoft ndi Adobe analengeza mu 1996. Fayilo imodzi ya OpenType ingathe kusunga zojambula zokwana 65,535, ndipo koposa apo, imasunga malamulo. Wojambula angaike ma n angapo, n'kulemba lamulo loti n akatsatana ndi o, pabwere n wolandirira m'mwamba, akakhala kumapeto kwa mawu, pabwere n wa kamchira kotsirizira. Kusinthana kotereku kumatchedwa contextual alternates, kutanthauza zilembo zosintha malinga ndi zimene zayandikana nazo. Palinso ligature, zilembo ziwiri kapena zingapo zojambulidwa pamodzi ngati chimodzi, monga tt ziwiri zodulidwa ndi mzere umodzi. Ndipo swash ndi mchira wautali wokongoletsera umene umapota kuchokera pa chilembo choyamba kapena chomaliza.

Mafonti awiri anaonetsa dziko zimene malamulo otere angachite. Bickham Script, imene Richard Lipton anajambulira Adobe mu 1997 potengera buku la Bickham lija, inadzatulukanso mu OpenType ili ndi zilembo zosinthana zambirimbiri. Inayo ndi Zapfino ya Hermann Zapf wa ku Germany, yotuluka mu 1998, yochokera pa zilembo zimene iye analemba pamanja mu 1944. Pa kompyuta ya Mac, mukalemba dzina loti Zapfino ndi fonti yomweyo, zilembo zimasintha pamene mukutayipa, ndipo mukangomaliza o, zilembo zonse zisanu ndi ziwiri zija zimasanduka chojambula chimodzi chokhala ngati siginecha.

Dziwani kuti malamulo amenewa sagwira ntchito okha paliponse. Mapulogalamu a dizaini ambiri amawatsegula okha, koma mu Microsoft Word mumayenera kulowa pa Font, kenako Advanced, n'kuwatsegula nokha. Anthu ambiri amadandaula kuti fonti imene anaiona yokongola pa intaneti yasanduka wamba pakompyuta pawo, pamene vuto ndi lomweli.

Ntchito imene amaigwira bwino

Mafonti a script timawapeza pa makadi oitanira anthu ku ukwati, pa masatifiketi, pa mabotolo a mafuta onunkhira ndi a vinyo, pa mapaketi a chokoleti, pa zikuto za mabuku, pa mayina a malo okonzera tsitsi, ndi pa kasiginecha kamene ojambula zithunzi amaika pakona pa chithunzi. Chifukwa chake n'chimodzi. Kulemba pamanja mosamala kumadya nthawi, ndipo munthu akaona zilembo zotere amamva ngati wina anakhala pansi n'kumuganizira iyeyo. Zilembozi zimalankhula motsitsa mawu, ngati munthu amene wakuyandikirani. N'chifukwa chake zimayenera dzina, moni, kapena mutu wa mawu awiri atatu. Ndime yonse ikalembedwa choncho, owerenga amatopa asanafike pakati.

Okonza dizaini odziwa ntchito amaphatikiza fonti ya script imodzi ndi ina wamba yowerengeka bwino. Pa khadi, mayina amalembedwa ndi script, koma tsiku, nthawi, malo ndi nambala ya foni zimalembedwa ndi fonti wamba. Mafonti a script awiri pa tsamba limodzi amalimbana ngati anthu awiri oyankhula nthawi imodzi.

Pali zinthu zingapo zimene zimaononga zilembozi msanga. Choyamba ndi kulemba mawu onse ndi zilembo zazikulu. Chilembo chachikulu cha script chinajambulidwa kuti chitsogolere zazing'ono, chili ndi michira ndi mipoto yofuna malo, ndipo mukazindandalika zokhazokha zimakolana ngati ulusi wosokonekera mpaka mawu osawerengeka. Chachiwiri ndi kutalikitsa mipata pakati pa zilembo, zimene pa mafonti ena zimakongoletsa. Apa zimadula timizere tolumikiza tija, chilembo chilichonse n'kutsala chitatambasula dzanja popanda wochigwira. Ndiye pali nkhani ya kukula. Pa mafonti amenewa, zilembo ngati a, e ndi n ndi zazifupi kwambiri poyerekeza ndi zazitali ngati l ndi h, choncho saizi 12 ya Edwardian Script imaoneka yaing'ono kwambiri kuposa saizi 12 ya Arial. Kawirikawiri mumafunika kuikulitsa kwambiri, mwinanso kuwirikiza kawiri, kuti zifanane m'maso. Mizere nayo imafuna kutalikirana, chifukwa mchira wa g wa pamwamba umakumana ndi mutu wa h wa pansi.

Pamene kamzere kamasowa

Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Ndinakonza khadi la buluu wakuda, mayina ndi zilembo zowonda za mtundu wa golide wotuwa. Pa sikirini linali lokongola moti sindinaone chifukwa chopemphera chitsanzo chosindikiza. Makadi atabwera, mizere yonenepa inalipo yonse, koma timizere tokwera tinali titamira. Mayina ankaoneka ngati mizati yoimikidwa popanda mitanda, ndipo u, n ndi m sizinkasiyana. Wosindikiza sanalakwitse chilichonse. Ndinamupatsa chinthu chimene inki singathe kuchita.

Chimachitika ndi ichi. Inki ikagwa papepala imafalikira pang'ono, makamaka pa pepala losasalala limene limamwa. Zilembo zikakhala zakuda papepala loyera, kufalikirako kumanenepetsa kamzere, ndipo sipakhala vuto lalikulu. Koma zilembo zikakhala zowala pamalo akuda, kamzereko ndi kampata chabe kosiyidwa pakati pa inki, ndipo inki ya mbali zonse ziwiri imalowerera n'kukatseka. Kuwonjezera apo, makina ambiri amapanga mitundu posanjikiza inki zinayi, yabuluu wowala, yofiirira, yachikasu ndi yakuda, iliyonse ngati timadontho ting'onoting'ono. Mtundu ngati golide wotuwa uja ndi timadontho tosakanizika. Kamzere kakakhala kowonda kuposa mpata wa pakati pa timadonthoto, kamatuluka koduka-duka, ndipo inki imodzi ikaphonya malo ake ndi kachigawo kakang'ono ka milimita, kamzereko kamachita chimbuuzi.

Saizi ya zilembo imayezedwa ndi mapointi. Mapointi 72 amakwana inchi imodzi, choncho pointi imodzi ndi pafupifupi milimita 0.35. Osindikiza ambiri amalangiza kuti mzere usachepere kota ya pointi, ndipo pamalo akuda ukhale wonenepa kuposa pamenepo. Fonti yowonda ikachepetsedwa, timizere take timatsika pansi pa malire amenewo mosavuta. Njira yake ndi kukulitsa zilembo, kugwiritsa ntchito inki imodzi yolimba m'malo mwa yosakaniza, kapena kusankha mtundu wonenepa wa fonti yomweyo. Snell Roundhand, mwachitsanzo, ili ndi wamba, Bold ndi Black.

Pa sikirini vuto ndi lofanana koma chida n'china. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho towala totchedwa mapikiselo. Kamzere kakachepa kuposa pikiselo imodzi, kompyuta singathe kukajambula konse, ndiye imangopaka mtundu wotuwa pamalopo. Pa foni yatsopano ya mapikiselo othithikana kamaoneka, pa sikirini yakale kapena padzuwa kamazimiririka. Malangizo a WCAG, amene amathandiza kuti masamba a pa intaneti aziwerengeka ndi aliyense, amati mtundu wa zilembo wamba uzisiyana ndi wakumbuyo kwake pa mlingo wa 4.5 kwa 1. Koma mlingowo umayeza mitundu yokha, suyeza kuwonda kwa mzere. Fonti ingathe kukhoza mayeso amenewo koma n'kukhala yosawerengeka kwa munthu wachikulire, wa vuto la maso, kapena amene sanazolowere zilembo zolumikizana. Pa malangizo a kamwedwe ka mankhwala, pa chenjezo, pa chikwangwani chowerengedwa ndi munthu amene ali pa galimoto, mafonti amenewa alibe malo, ndipo pamenepa okonda script ndi osaikonda amagwirizana.

Zida zina zili ndi malire awoawo. Makina odula zomata za vinilu amatsatira m'mphepete mwa chilembo chilichonse. Popeza zilembo za script zimalowana pamene zalumikizana, mpeni umadula mkati mwa malumikizo ngati simunaziphatikize kaye kukhala chojambula chimodzi, ndipo mawu amatuluka zidutswazidutswa. Pomatula zotsalira, timizere towonda timang'ambika kapena kunyamuka limodzi ndi zotayazo. Pa makina opeta nsalu, ulusi uli ndi kunenepa kwake, ndipo mzere wochepera pafupifupi milimita imodzi supeteka bwino. Logo imene ikuyenera kuoneka pa khadi, pa chidindo, pa malaya ndi pa kachithunzi kakang'ono ka pa foni imafunika kuyesedwa pa zonsezo. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene makampani ena amasiyira script, pamene ena, monga Coca-Cola, amaisunga chifukwa mizere yake ndi yonenepa mokwanira ndipo anthu amaizindikira ndi maonekedwe asanaiwerenge n'komwe.

Zilembo zokongola za pa Facebook si fonti

Mwina mwaonapo mayina a anthu pa Facebook, Instagram kapena WhatsApp olembedwa ndi zilembo zopotana, pamene mapulogalamu amenewo salola kusankha fonti yotere. Zimenezo ndi zizindikiro za masamu zimene bungwe la Unicode, loyang'anira zilembo za pakompyuta, linawonjezera mu 2001 kuti akatswiri azilembera mafomula, ndipo masamba ena a pa intaneti amangosinthanitsa zilembo zanu ndi zizindikirozo. Kwa kompyuta, chooneka ngati a pamenepo si a. Munthu akafufuza dzina la bizinesi yanu mwina salipeza. Pulogalamu yowerengera anthu osaona imatha kuchitchula chizindikiro chilichonse ndi dzina lake lalitali la masamu, kapena kungodumpha mawu onsewo. Pa mafoni ena zimaoneka timabokosi.

Za chilolezo ndinene mwachidule. Fonti ndi pulogalamu, ili ndi mwini wake. Ambiri amene amapezeka ulere pa intaneti amaloledwa pa ntchito zaumwini zokha, osati pa logo kapena pa katundu wogulitsa. A pa Google Fonts, monga Great Vibes, Allura ndi Dancing Script, ali ndi chilolezo chotseguka cholola ngakhale ntchito za malonda. Werengani fayilo ya chilolezo musanalandire ndalama ya kasitomala.

Ŵ ndi nkhodolero

Kwa ife olemba Chichewa pali mayeso ena awiri amene wojambula fonti mwina sanawaganizire. Oyamba ndi ŵ, w wa kadenga. Chilembochi chimapezekanso m'chinenero cha ku Wales, choncho mafonti aakulu ambiri ali nacho, koma a script ambiri, makamaka aulere, alibe. Chikasowa, kompyuta imabwereka ŵ ku fonti ina, ndipo pakati pa mawu opendekeka owonda pamatulukira chilembo chimodzi choima chilili, chonenepa, chosagwirana ndi anzake. Nthawi zina pamangobwera kabokosi.

Achiwiri ndi nkhodolero. Timaigwiritsa ntchito kawirikawiri pakati pa mawu: ng'oma, pang'ono, m'nyumba, n'zoona. Kamzere kolumikiza kochoka pa g kamayembekezera chilembo, koma kakumana ndi nkhodolero. Pa fonti yokonzedwa bwino, g amatseka mchira wake mwaulemu, nkhodolero imakhala m'malo mwake, o amayamba bwino. Pa ina, kamzere kamatsala kali lende, kapena pamatseguka mpata waukulu moti mawu amodzi amaoneka ngati awiri. Onaninso mmene fonti ikuchitira ndi zilembo zotsatana ngati mph, nkh, dzw ndi mw, chifukwa m, n, w ndi u zikandandalikana m'kalembedwe kowonda zimafanana kwambiri, ndipo mawu ngati "mwamuna" amatha kusanduka mafunde okhaokha.

Masamba ambiri a mafonti ali ndi malo olembapo mawu anu kuti muone mmene atulukire musanatsitse fayilo. Lembanipo "m'maŵa", chifukwa mawu amodziwo ali ndi nkhodolero, ŵ ndi ma m awiri. Kenako lembani mawu enieni amene mukufuna kugwiritsa ntchito, muwasindikize pa saizi yake yeniyeni, pa pepala la mtundu umene mudzagwiritse ntchito, n'kupatsa munthu amene sakudziwa zimene mwalemba kuti awerenge mokweza. Akakakamira pa chilembo china, kulitsani saizi kapena sankhani mtundu wonenepa, musindikizenso.